Mkazi Mnzanga wa m'Galaja Wapendekeka

Lolemba, 2 Juni

A Injiniya adzuka. Okha. Popanda kuwakoka, popanda kuwanyengerera ngati mwana wokana sukulu. Ndinali kukhitchini, ndangomva ndodo gwa, gwa, ikubwera. Mtima wanga phaa, ndati akubwera kwa ine. Andidutsa pakhomo ngati ndine firiji. Ulendo wa kugalaja.

Chibwerereni kuchipatala ndi sitiroko yawoyo, mwamuna wanga ameneyu amangoyang'ana khoma la kuchipinda. Ndawaphikira, ndawasambitsa, ndawanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Abusa abwera, ana alira. Iwo zii. Lero amene wawadzutsa ndi mkazi mnzanga: chigalimoto chobiriwira chija anagula tisanakwatirane, chachikulu msinkhu kuposa mwana wathu wachisamba. Zaka zonsezi chimagona pansi pa denga labwino, kuchipinda kwanga kukudontha.

Nsanje ndilibe. Ndalemba pano kuti ndizikumbukira kuti ndilibe.

Ndawapeza ataima pakhomo la galaja, dzanja lofookalo lili lende, akuyang'anizana naye maso ndi maso. Amamulowetsa chafutambuyo, mphuno kunja, ngati tsiku lina adzathawa naye. Mawu awo oyamba omveka sabata ino: "Yapendekeka." Osati zikomo amayi. Osati mwadzuka bwanji. Yapendekeka. Akuti yagwera mbali ya dalaivala.

Ine ndayang'ana. Galimoto ngati galimoto. Fumbi, ndi mphaka wa aneba pa boneti. Koma ndine ndani ine, wosoka makatani, kuti nditsutse munthu amene wakalambira pansi pa mabasi?

Chakudya chamasana amaliza mbale yonse. Ndapita kubafa kukalira, ndatsegula mpopi kuti asamve.

Lachiwiri, 3 Juni

Sukulu yatsegulidwa. Mphunzitsi: a Injiniya, pampando wapulasitiki pakhomo la galaja. Wophunzira: ine, choimirira, thireyi ya tiyi m'manja.

Akuti mkazi mnzanga kutsogolo kwake alibe masipuling'i ngati timagalimoto ta masiku ano. Ali ndi zitsulo ziwiri zazitali ngati mipini ya makasu, china mbali iyi, china mbali iyo. Dzina lake toshoni. Tayala likagunda bampu, chitsulocho chimapotoka ngati mmene timafinyira chovala, kenako chimabwerera. Chikakalamba chimatopa, galimoto n'kugwa phewa. Ndati ngati anthu. Sanaseke. Kumapeto kwa chitsulocho kuli bawuti: ukamanga, mbali imeneyo imakwera, ukamasula imatsika. Nkhani yonse ndi yomweyi. Iwo aifotokoza mpaka tiyi wazizira.

Pakamwa pokhota, mawu ena akutsalira m'khosi, koma amalankhula. Ndikanamvetsera ngakhale za matayala mpaka mawa.

Kenako nkhani yeniyeni. Pa 19 tikukaonana ndi dokotala wamkulu, amene akanene ngati angagwirenso chiwongolero. Iwo akuti sakapempha munthu. Aikonza, aiyendetsa okha mpaka pakhomo la chipatala, dokotalayo akaonere pawindo. Mwendo akuti wabwerera, dzanja lili m'njira.

Ndati chabwino. Ndikanati chiyani? Chimene ndikuopa n'chimodzi: khoma lija. Asabwererenso kukaliyang'ana. Ngati wowagwira panja ndi mkazi mnzanga, ndimupukuta fumbi ndi manja anga omwe.

Lachinayi, 5 Juni

Kwabwera mlamu wanga, mng'ono wawo, kudzakhala manja a a Injiniya. Munthu amene chibadwire sanatsutsepo mkulu wake. A Injiniya atati dzuwa ndi tayala, iye angangofunsa kuti la saizi yanji. Asanayang'ane n'komwe galimoto, wayamba kale: "Eetu achimwene, yagweratu, munthu ukuchita kumva chisoni."

Jeke, zochirikiza, katoni pansi. Mlamu wagona chagada, wadzikankha. Mutu walowa, chifuwa chalowa, mimba yakana. Wakhala pamenepo ngati chivindikiro cholakwika pa poto, miyendo ikupalasa panja. Tamutulutsa pomukoka akakolo, ine ndi mnzanga wa kuseri kwa mpanda amene anabwera kudzabwereka mchere ndipo wapita ndi nkhani ya sabata yonse. Atatuluka wakumbukira kuti ali ndi vuto la msana. Msana umenewu umadziwa nthawi yake.

Ndati tiitane makaniko wa pamsewu. A Injiniya akuti ana a masiku ano amangodziwa kusintha, kukonza sadziwa, ndipo amene angakhudze galimoto yawo ayambe waika maliro awo.

Ndiye ndalowa m'nyumba, ndavala ovololo yawo, ndapinda miyendo kawiri. Atandiona akwiya kwabasi. "Inu ayi, amayi. Vulani zimenezo." Ndati nanga alowe mphaka? Aloza sipanala ndi ndodo, osandiyang'ana. Ulemu wa mkazi pansi pa galimoto ndi umenewo.

Ndinapempha Mulungu kuti adzuke. Walira mvula walira matope.

Pansi pake m'ponunkha, m'pothina, ndipo akangaude akhazikikamo ndi mabanja awo. Toshoni ndaiona. Chitsulo chakuda chabechabe, chimene sichingachititse munthu kusiya mkazi wake yekha Loweruka lililonse kwa zaka zonsezi, koma chinachititsa. Bawuti yadyedwa ndi dzimbiri, yakaniratu. Ndaithira oyilo wochotsa dzimbiri, amene wadula kuposa mafuta anga odzola amene ndinasiya kugula. Akuti igonere.

Loweruka, 7 Juni

Yasuntha! Ndi paipi yowonjezera pa sipanala, mapazi onse pa tayala, ndi mawu ena amene sindingalembe muno. Italira kuti khwee, ndamva a Injiniya akuwomba ndodo pansi. Kuwomba m'manja kwa masiku ano.

Ntchito yake ili chonchi. Kukweza ndi jeke kuti chitsulo chipume. Kulowa. Kumanga pang'ono. Kutuluka. Kutsitsa. Kenako kudinikiza bampa ndi thupi lonse n'kusiya, kangapo, kuti galimoto ikhazikike mmene ikufunira. Kwa nthawi yoyamba thupi limene adokotala amati ndichepetse lapeza ntchito. Ndikamanjanja pa bampapo, a Injiniya ali pampando wawo kutsogolo, diso limodzi atatsinzina, mutu ngati nkhuku yoona kabawi. "Ikadali pansi. Onjezani."

Ndati bwanji tiyeze ndi tepi, kuchokera pansi kufika pamwamba pa tayala, uku ndi uku? Ngati ndawatukwanira mayi awo. Diso lawo akuti layeza mabasi odzaza anthu, mainjiniya a mapepala ankabwera kudzafunsa kwa iwo, tepi ndi ya makatani. Pepani, bwana.

Chokwiyitsa china: ndikangogwira ntchito pang'ono, akuti tulukani, zakwana lero, kakhaleni pansi. Ndikati ndikadali ndi mphamvu, akuti asatsutsidwe m'galaja mwawo. Pa liwiro limeneli tidzamaliza mdzukulu wathu atapuma pa ntchito.

Zigongono zasupuka. M'tsitsi muli dzimbiri. Makatani a mayi wa ku famase akudikira pa mashini, ndawanamiza kuti ulusi wa mtundu wake wasowa.

Koma adya. Asamba okha mbali ina. Afunsa za mpira.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi amayi onse maso pa zikhadabo zanga. Wina wandifunsa ngati ndayamba kugulitsa makala. Ndati ayi, ndikusamalira mkazi mnzanga, wadwala phewa. Sanamve, koma anena kwa ena mmene amvera.

Wachisamba waimba foni. Mwana wanga amene amakonda makolo ake kwambiri, makamaka pa foni. Akuti wapeza munthu wosonkhanitsa magalimoto akale, wokonzeka kubwera ndi lole. Akuti, "Amayi, muwauze ababa zoona, nthawi yawo yoyendetsa inatha." Ndati bwera udzawauze wekha, nyumba sinasunthe. Akuti kuntchito kwathina. Kuntchito kumeneku kunathina tsiku limene bambo ake anagwa ndipo sikunamasukebe.

Madzulo a Injiniya, poti tsopano ndi munthu woyenda, ayendera nyumba yonse. Akuti chibwerereni apeza zinthu zalekereredwa. Awongola kalendala. Awongola chithunzi chathu chaukwati. Awongola galasi la m'bafa. Kenako aima pabalaza n'kunena kuti mpendero wa katani wakhota.

Mpendero wanga. Wa ine. Munthu angandinene kuti ndanenepa, kuti ndimalongolola, kuti ndimathira mchere wambiri, ndivomera. Koma mpendero wokhota sunatulukepo m'manja mwanga. Ndameza mawu chifukwa ndi wodwala. Ndawameza, koma akadali pakhosi mpaka pano.

Lachiwiri, 10 Juni

Dzulo ndi lero, kukweza, kulowa, kumanga, kutuluka, kunjanja. "Onjezani."

Mnzanga wa kuseri kwa mpanda wasuzumira n'kunena chapansipansi kuti, "Mnzanga, galimoto yanu bwanji ikukweza mwendo ngati galu pa mtengo?" Ndaseka. Ndatembenuka kuti ndione. Kuseka kwathera pomwepo. Mbali ya dalaivala ili m'mwamba, poyera, mwana angaone. A Injiniya pampando pawo akuti yatsala pang'ono, ikadali pansi.

Atapita kokagona masana ndatenga tepi yanga ya makatani, yonyozeka ija. Mbali ya dalaivala yapitirira inzake ndi zala zinayi. Ndati mwina pansi pa galaja m'popendekeka. Ndaika beseni la madzi pasimenti. Madzi ali phee, ofanana mbali zonse. Ndati mwina matayala. Onse ali ndi mpweya wofanana, iwo eni anaonetsetsa tsiku loyamba. Ndakumbukira mmene ndamangira bawuti ija kuyambira Loweruka. Ndiye kuti galimotoyi inali yowongoka. Ndine ndaikhotetsa, ndi zigongono zanga, momvera.

Ndalowa m'nyumba kuti ndimwe madzi. Kalendala yapendekeka. Chithunzi chaukwati chapendekeka, ine ndi iwo tikutsetsereka kupita kukona. Galasi la m'bafa lapendekeka. Zonse mbali imodzi, mofanana, mwaluso. Katani langa lokha ndi limene laima bwino m'nyumba muno.

Ndinayenera kusangalala za mpendero wanga. Ndakhala pansi pabalaza, tepi m'manja. Si galimoto. Ndi iwo.

Lachitatu, 11 Juni

Tsiku la mafizo. Iwo akukankha mpira ndi mwendo, ine ndakokera pambali mayi amene amawachititsa, n'kumufotokozera zonse, kuyambira toshoni mpaka kalendala. Sanadabwe. Akuti zimachitika ikatha sitiroko. Maso ali bwino, koma kalevulo ka m'mutu, koyezera kuwongoka kwa zinthu, kamasuntha, munthu amaona chowongoka ngati chopendekeka ndipo amalumbira kuti akuona zoona. Kwa ena zimabwerera, kwa ena ayi. Za chiwongolero wangopukusa mutu. Akuti pa 19 dokotala ayenera kumva.

Ndamupempha kuti asawauze kaye. Wandiyang'ana mmene ndimayang'anira makasitomala amene amati adzatenga katani mawa.

Pobwerera, m'takisi, a Injiniya amadzudzula dalaivala njira yonse. Giya akusintha mochedwa, buleki akuponda ngati akupha njoka. Akuti ndipirire, ndatsala pang'ono kusiya kukwera zinthu zimenezi. Ine maso pawindo.

Lachinayi, 12 Juni

Sindinanene.

Ndavala ovololo, ndalowa, ndamanga. Ndikudziwa kuti ndikuwononga, ndikumangabe. Ndatuluka, ndanjanja pa bampa. Atsinzina diso. Ayang'anitsitsa. Kenako, "Basi! Siyani pomwepo. Yaima."

Yaimadi. Ngati munthu woledzera amene akuyesa kuonetsa apolisi kuti sanamwe.

Nkhope yawo! Mbali yofooka nayonso inayesa kumwetulira. Ameta ndevu okha, adzicheka pang'ono, sanadandaule. Apempha malaya oyera. Ndawamva akuimba likhweru kubafa, lotuluka theka mpweya theka nyimbo. Likhweru limeneli ndinali nditaliiwala.

Mlamu wabwera kudzaona ntchito. Waima pambali pa mkulu wake, wapendeketsa mutu kuti agwirizane nayo, n'kuti, "Ngati yangotuluka kumene kufakitale, achimwene." Ndamutsatira kugeti. Ndati alamu, zoona mukuona yowongoka? Wayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Akuti iye anaona tsiku loyamba lomwe kuti inalibe vuto, koma wodwala satsutsidwa, ndipo nkhani zoterezi amanena ndi mkazi wa m'nyumba. Zikomo alamu. Mutu umodzi susenza denga, koma ukakhala wa mkazi akuti ungayese.

Ndimafuna kumulalatira. Ndakumbukira amene anali pansi pa galimoto m'mawa uno akumanga bawuti. Tonse ndife amodzi, kusiyana kwake iye zovala zake n'zoyera.

Lachisanu, 13 Juni

Mapulani a mkazi wanzeru. Kubisa makiyi: ali ndi ena m'chitini cha misomali, ndipo angailize ndi waya. Kuchotsa kenakake mu injini: angadziwe asanatsegule boneti. Kudwala ine pa 19: angasangalale, andiyendetse ndi ine ndemwe.

Kapena kungowasiya ayendetse. Ndaganizira zimenezi, ndisaname. Msewu wa kuchipatala ndi wowongoka. Kenako ndakumbukira pokhota paja pa sukulu, pamene tiana timawoloka tikuthamanga, zikwama zikulendewera. Ndazimitsa mashini nditasoka chala m'malo mwa nsalu.

Ndiye ndiwauze. Ndayamba kawiri. Koyamba ndati, abambo, ndipo anditembenukira ndi nkhope yometa ija, ine ndafunsa ngati akufuna shuga wina. Kachiwiri ndafunsa za nyengo. Ine amene ndinabweza abusa pakhomo, amene eni sitolo amabisala ndikalowa ndi buledi wadzulo. Chilungamo n'chosavuta ukamauza munthu amene sumukonda.

Ndikawauza, ndawabwezera kukhoma ndi manja anga. Ndikapanda kuwauza, ndapereka ana a eni. Mutu waima.

Akuti mawa tiitulutse panja, iyende pang'ono mpaka pageti kuti zitsulo zikhazikike. Apukuta kale magalasi ndi dzanja limodzi.

Loweruka, 14 Juni

Sindinafunikenso kunena.

Batire yochajitsa, petulo pang'ono. Mkazi mnzanga watsokomola, wakhosomola, walira. Utsi galaja yonse. A Injiniya alola mlamu kuti aitulutse, poti pakhomo m'pothina, lero lokha. Ndasuntha mpando wawo kuti galimoto idutse. Sindinaganize. Masiku onsewa akhala akuiona kutsogolo kokha, kumbuyo kunali kukhoma. Yawadutsa, yakaima pageti, iwo atsalira m'galaja, akuiona kumbuyo.

Ndaona msana wawo ukuuma.

Kutsogolo, diso lawo ndi bawuti yanga zinkafafanizana, galimoto n'kuoneka yowongoka. Kumbuyo zinaphatikizana. Aona chinthu chotsala pang'ono kugubuduka.

Anyamuka. Ndodo gwa, gwa, mpaka kutsogolo. Ayang'ana. Abwerera kumbuyo. Ayang'ana. Kutsogolo kachiwiri, thukuta lili kamukamu, mwendo ukukokeka. Mlamu m'galimoto akumwetulira, akudikira kuuzidwa zoti aone. Ine ndaima ngati chitsa.

Kenako anena, osati kwa ine, kwa mpweya: "Chitsulo sichisintha maganizo munthu akachizungulira."

Apempha tepi. Ya makatani. Ndagwada, ndagwira pansi, iwo awerenga pamwamba. Mbali iyi, mbali iyo. Abwereza. Ayang'ana mpanda, mtengo wa magetsi, denga la aneba, chimodzichimodzi, ngati munthu amene wafika m'tauni yachilendo.

Andifunsa funso limodzi: "Munadziwa liti?" Ndati Lachiwiri. Akuti, "Ndipo Lachinayi munamangabe." Ndati eya.

Alowa m'nyumba. Mlamu wazimitsa injini n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Lamulungu, 15 Juni

Khoma.

Kutchalitchi sindinapite. Mbale yabwerera mmene inapitira.

Lolemba, 16 Juni

Khoma. Malaya oyera aja ali pansi pa bedi.

Galimoto ikadali pageti pamene mlamu anaisiya, phewa m'mwamba, aliyense wodutsa akuima kuti aione. Wogulitsa mazira wandilangiza kuti ndipeze makaniko wabwino, amene anaigwirayo ndi wakuba. Ndati ndamva, ndimudziwitsa.

Wachisamba waimba. Mlamu wamuuza kale zonse, pa nkhani zotere msana wake suvuta. Akuti, "Ndinanena ine, amayi." Ananenadi. Akafuna mphotho abwere adzatenge, ndimusungira pamodzi ndi beseni losambitsira bambo ake. Akuti munthu wa lole angabwere Lachisanu. Ndadula foni. Ndidzanena kuti ndi netiweki.

Masana ndalowa kuchipinda ndi mankhwala, iwo osatembenuka. Ndaphulika. Ndati khoma limenelo likuphikirani? Likusambitsani? Ndati ndagona pasimenti sabata yathunthu ngati chidakwa, akangaude akundiyenda kumaso, chifukwa cha likhweru lanu lokha. Ndati ndinanama, eya, ndipo mutadzuka ndinganamenso. Ndati chiwongolero n'chimene munakwatira? Ndinalankhula zambiri, zina zabwino, zina za mayi awo amene anapita kalekale ndipo sanalakwe kanthu pa nkhaniyi.

Iwo maso kukhoma.

Ndatuluka, ndakamenya mkazi mnzanga khofi pa boneti. Dzanja likuwawa mpaka pano. Iye sanamve kanthu, monga mwa akazi anzathu.

Ndili ndi mantha. Ulendo woyamba anagonekedwa ndi matenda. Uno ndawagoneka ndine.

Lachitatu, 18 Juni

Dzulo palibe cholemba. Theka la kapu ya tiyi, basi.

M'mawa uno ndalowa kukatsegula mawindo. Ndikutuluka ndamva mawu kumbuyo, okhakhala, a munthu amene wakhala osawagwiritsa ntchito: "Amayi. Imani pakhomo apo."

Atembenuka, atsamira pilo. Ndaima. Akuti ndisunthire pafupi ndi felemu ya chitseko, ndiwongoke, manja m'mbali. Ndati kodi ndikulembedwa usilikali? Akuti ndikhale chete. Atsinzina diso limodzi. Ayang'ana ine, ayang'ana felemu, ayang'ananso ine. Kenako akuti nditembenuke, ndiwapatse msana. Ndatembenuka ngati mbuzi ya pamsika, mtima ukuwira, ndikukonza kale mawu oti ndiwapatse.

Ndadikira, msana uli kwa iwo. Kenako kaphokoso. Ndimayesa akutsamwa. Ndacheuka, akulira. Mwamuna amene sanalire pa maliro a bambo ake.

Akuti, "Ndiye kuti inu muli bwino."

Ndati ndinadwala liti ine?

Zatuluka pang'onopang'ono, mawu ena ndimachita kutola. Akuti tsiku loyamba kunyumba, nditawanyamula kuchokera kuchimbudzi, anandiona ndikutuluka pakhomo lomwelo nditapendekeka, phewa limodzi pansi. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lililonse chimodzimodzi. Anadziwa kuti andithyola msana ndi thupi lawo, ndipo ine ndikubisa. Ndiye anasiya kundiitana, anasiya kumwa madzi kuti ndisamawanyamule, anatembenukira kukhoma kuti asamaone chimene achita. Galimoto akuti amaifuna kuti ine ndizikhala pansi, iwo aziyendetsa, ndisamakokenso munthu wamkulu kukwera ndi kutsika m'matakisi. Chiyambire Loweruka amaopa kundiyeza. Amati bwanji ngati galimoto inali yowongoka koma ine ndapindikadi.

Ndinaima pakhomo paja ngati chitsiru. Miyezi yonseyi ndimati bambo ameneyu sandiona.

Ndati msana ukuwawa ndithu, koma wauthyola ndi mkazi wanu wamkulu uja ali pageti. Aseka, akulira, mamina, zonse pamodzi. Ndawapukuta ndi malaya oyera aja, anali pafupi.

Za mawa akuti dokotala amuuza okha, ndi pakamwa pawo, ine ndisalowererepo ngati ndingathe, chimene akukayika. Za lole nditawauza, akuti mwanayo abwere yekha adzanene ali chiimire. Ndafunsa ngati akundionabe wopendekeka. Akuti kwambiri, koma tsopano ndikupendekera limodzi ndi nyumba yonse, ndiye palibe kanthu.

Adya. Atuma uthenga kwa mlamu kuti abwere adzabweze galimoto m'galaja, posalala, ndipo asanene maganizo ake pa chilichonse. Panopa ali panja pampando wawo, aufulatitsa dala kuti asaione. Akuti ine ndiziyeza, ndizitchula manambala, iwo azinena pomasula. Ovololo sinaume bwino koma ndivala chomwecho. Akukuwa kale kuti dzuwa likupita, ndipo tepi ndaika kuti, ngati ndi yawo, ngati sanainyoze pamaso panga.